Anatilira Maliro Tili Moyo

Chelstone, Lusaka
17 Okutobala 2024

Okondedwa akulu anga, amake Wisdom,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu ndi wa onse pakhomo ku Katete. Amayi akudzuka bwanji masiku ano? Mawondo aja akuwalolabe kufika kutchalitchi, kapena ndinu amene mukuwabweretsera ulaliki kunyumba? Nanga alamu, chifuwa chija chinawasiya? Ife kuno tili bwino, Mulungu akutisunga, kungoti dzuwa la mwezi uno likutiwotcha ngati njerwa mu uvuni.

Kalatayi ndapatsira a Brian, mkulu wa mpingo wathu, amene akubwera kumeneko ku ukwati wa mphwawo. Muiwerenge nokha poyamba, m'chipinda, chitseko chili chotseka. Mudabwa kuti ndalemba kalata pamene foni ilipo. Chifukwa chake n'chakuti foni yanu ikalira mumaikweza mawu kuti Amayi amve nawo, ndipo amamva si Amayi okha, amamva ndi opita kuchigayo omwe. Nkhani iyi si yotero.

Za kuno n'zochepa. Magetsi amabwera maola atatu kapena anayi patsiku, furiji yathu yasanduka kabati yosungiramo mbale. Madzi amatuluka pang'ono m'mawa, kenaka pompi imangopuma mpweya. Thandazani wathu akukonzekera mayeso, ndipo atate ake akuti akumuthandiza masamu, koma ndikamvetsera ndimapeza kuti mwana ndiye akuphunzitsa bambo. Ulusi wa makina a Amayi ndinagula ku City Market, wakuda ndi woyera, uli m'kaphukusi kamene kabwera ndi kalatayi.

Tsopano khalani pansi, akulu.

Loweruka lapitali kunali chionetsero cha mafilimu a anthu a mu Afirika muholo ina ku Kabulonga. Kusukulu kwathu ku Kabwata kunabwera makalata oitana aphunzitsi a Chingerezi. Ine ndinalibe nazo chidwi, ndinali ndi zochapa. Koma a Malama, mnzanga wa Chibemba amene timaphunzitsa limodzi, anandiimirira pakhomo la kalasi n'kunena kuti, "Ba Rhodah, shani imwe? Tiyeni tikatambeko, ni mahala, kulibe kulipira. Na malaiti kuja siyayenda, tizapumulako kupya." Ndivomere kuti chimene chinandikopa ndi mphepo yozizira ya muholo, osati mafilimu.

Ndikufotokozereni mtundu wa mafilimu amenewa, poti si ngati aja mumaonera kwa aneba, a apongozi ankhanza ndi amuna olemera. Awa mulibe ochita sewero. Munthu amatenga kamera n'kupita kwa anthu enieni, iwo n'kumafotokoza za moyo wawo ndi pakamwa pawo. Akamalankhula chinenero china, mawu a Chingerezi amalembedwa m'munsi mwa chithunzi kuti uziwerenga. Onse a tsiku limenelo anali onena za anthu akuda okhala ku Ulaya. Yoyamba inali ya anyamata othyola zipatso m'minda ya azungu, ogona khumi m'chipinda chimodzi. Yachiwiri inali ya mayi wosamalira nkhalamba za eni dziko, pamene mayi ake omubereka akukalamba okha kwawo. Imeneyo inandigwira pamtima, koma ndinali ndidakali munthu woonera za ena.

Yachitatu papepala analemba kuti wapanga ndi mtsikana wa ku Belgium, dzina lake Destiny Kabwe. Sindinaganize kanthu. M'kalasi mwanga mokha muli a Destiny atatu, ndipo ife si a Kabwe.

Inayamba ndi khitchini yaing'ono. Mwamuna ataima chofulatira, akudula anyezi. Mawu a mtsikana akumufunsa m'Chifalansa kuti, Papa, kwathu n'kuti? Mwamunayo anaika mpeni pansi, n'kukoka khutu lake lamanzere kawiri. Akulu, ndinamuzindikira pomwepo, nkhope ndisanaione. Ndani winanso amakoka khutu motero akafunsidwa funso limene sakulifuna? Kenaka anatembenuka. Imvi zamera, masaya anenepa, koma chipsera cha pachikope, chija anachipeza atagwa pangolo ya amalume, chili pomwepo. Anali Petros. Mlongo wathu Petros, chitsirizira cha Amayi, nkhope yake yaikulu ngati khoma la nyumba. M'munsi analemba kuti Pierre Kabwe, wothawa nkhondo wa ku Congo.

Ndinawerenga dzinalo kawiri.

Anakhala pampando n'kuyamba kufotokoza. Anati anabadwira m'mudzi wina ku Congo, pafupi ndi mtsinje. Anati nyumba yawo inali ya njerwa zootcha, ya zitseko ziwiri, ndi mtengo wa mapeyala kuseri umene sunkabereka chaka chilichonse. Anati mayi ake dzina lawo linali Esnart, ankasoka zovala pakhonde ndi makina opalasa ndi phazi, ndipo chikhadabo cha chala chawo chachikulu chakumanzere chinang'ambika pakati singano itawalasa, sichinamerenso bwino. Anati ankasunga mabatani m'chitini cha tiyi, ndipo mwana akalakwa chilango chake chinali kusankha mabataniwo mitundumitundu. Mukuona, akulu? Ananyamula nyumba yathu yonse, khonde, mtengo, chitini, n'kukaziika m'dziko la eni.

Kenaka anati chaka cha 1998 kunabwera asilikali. Iye anali kumtsinje. Pobwera anapeza nyumba ikuyaka, mayi ake atagwera pamakina, ataomberedwa. Alongo ake awiri anawapeza kuseri, pansi pa mtengo uja. Mtsikana anamufunsa maina awo. Iye anati wamkulu anali Beatrice, wamng'ono Rhodah.

Inu ndi ine, akulu. Tinafa mu 1998, pansi pa mapeyala.

Ndipo analira. Osati kulira kopanga, ndakhala ndi ana a sukulu zaka makumi atatu, kulira kopanga ndimakudziwa. Analira mapewa akugwedezeka, monga analirira pa maliro a Atate. Holo yonse inali fwefwe. Mzungu wina kutsogolo kwanga anavula magalasi. A Malama anandipatsa kansalu kopukutira misozi n'kundinong'oneza kuti, "Imwe ba Rhodah, mwalila maningi, monga ni babululu banu." Sankadziwa kuti analidi abale anga.

Zinali zisanathe. Mtsikanayo, m'filimu momwemo, anakwera ndege kupita ku Congo kukafuna manda a agogo ake. Anayenda pa malole ndi pa njinga zamoto, akufunsa dzina la mudzi limene bambo ake anamuuza. Palibe amene ankaudziwa. Nkhalamba zina zinamuuza kuti midzi yambiri inatha nthawi ya nkhondo, mwina wawonso unamera tchire. Wina anamuuza kuti kwa ife anthu akuda maliro satha mpaka abale atameta. Ndiye anakhala pamwala m'mbali mwa mtsinje wina, n'kupempha mayi wogulitsa nsomba kuti amumete. Tsitsi lake lalitali linkagwera m'madzi, iye akutchula maina atatu mobwereza, la Amayi, lanu, ndi langa.

Mukudziwa kuti ine si munthu wa zamalodza. Ndinakulira m'Chigwirizano cha amayi monga inu, ndipo ndimaphunzitsa ana kuti asamaope kadzidzi. Koma kuona mwana wa mlongo wako akukumetera maliro, iwe uli pampando ukupuma, chikwama chili pamiyendo, ndi nkhani ina. Ndinadzigwira pamkono kuti ndimve ngati ndilipo.

Atayatsa magetsi anatiuza kuti wopanga filimu ali nafe. Anabwera kutsogolo. Wamtali, woyererako, mutu wometa. Mumakumbukira chithunzi chimodzi chokha chija Petros anatumiza, cha khanda lovala kachipewa koluka, chimene Amayi anachiika m'Baibulo lawo? Ndi ameneyo, Destiny wathu. Ali ndi zaka makumi awiri ndi zitatu. Chipumi ndi cha Amayi, mpata wa m'mano ndi wa Amayi, ndipo akamamvetsera funso amaika dzanja m'chiuno n'kupendeketsa mutu, ndendende mmene Amayi amachitira munthu akabweretsa nsalu yochepa koma akufuna diresi lalikulu.

Chingerezi amalankhula bwino. Anati anayamba kupanga mafilimu chifukwa moyo wake wonse azungu amamufunsa kuti kwanu kwenikweni n'kuti, ndipo akabwera ku Afirika anthu amamutcha mzungu. Anati iye alibe mudzi woloza, ali ndi nkhani ya bambo ake yokha, ndiyo dziko lake. Wina anamufunsa za tsitsi. Anayankha kuti salisunganso mpaka atapeza manda a agogo ake. Kenaka ananena chimene chandisowetsa tulo. Akhala mu Lusaka mpaka pa 28 mwezi uno, akuphunzitsa achinyamata kujambula. Tsiku limenelo akwera basi ya ku Kopala, kumigodi ya kopa, awoloke malire a Congo, akafunenso mudziwo, ndipo ulendo uno akuti alowa mkati kwambiri, kumene ulendo woyamba anamuletsa chifukwa cha zigawenga. Anthu anamuombera m'manja. Anamuombera m'manja, akulu, mwana akupita kutchire la mfuti kukafuna manda a munthu amene ali pakhonde ku Katete akusoka mayunifolomu!

Ndinaima pamzera wa omupatsa moni. Nditafika anandigwira dzanja ndi manja ake awiri, n'kundifunsa dzina. Ndinati ndine Mayi Mvula, dzina la kwa amuna anga. Anayang'ana maso anga ofiira n'kufunsa ngati nanenso ndinataya abale. Ndinati inde, mmodzi, mlongo wanga. Anandikumbatira n'kundipepesa. Ine azakhali ake, amene anandimetera, akundipepesa. Ndinatuluka mothamanga, ndipo m'minibasi kondakitala anachita kundigwedeza paphewa kuti, "Mami, Chelstone ni pano, kapena mufuna tikazungulukenso?"

Lamulungu titaweruka kutchalitchi ndinamuimbira Petros. Anayankha ali m'galimoto, monga nthawi zonse. Lero ndi pamene ndamvetsa chifukwa chake satiimbira ali m'nyumba, chifukwa chake kanema pafoni amakana, chifukwa chake Amayi akati ndilankhuleko ndi mdzukulu wanga iye amati ali kusukulu, kapena amangodziwa Chifalansa. Ndinangoti, Pierre Kabwe, uli bwanji? Ndinamuuza kuti filimu ya mwana wake ndaiona.

Kenaka anati ankadziwa kuti mwanayo ali ku Lusaka. Anadzilimbitsa mtima kuti Lusaka ndi wamkulu. Mawu ake enieni anali akuti, "Ndani wa kwathu angapite ku Kabulonga kukaonera filimu ya Chifalansa?" Ndinamuyankha kuti mlongo wako wakufa uja, amene anathawa kutentha.

Ndikulemberani zimene anafotokoza monga anazinenera, poti ngakhale ndakwiya ndikufuna muzimve bwino. Mukumbukira kuti asanapite ankagwira ntchito pamalire ku Kopala, ndipo kumeneko anatola Chiswahili ndi Chifalansa pang'ono. Atafika ku Ulaya mu 1999 anzake anamuuza kuti munthu wa ku Zambia samusunga, poti kwathu kulibe nkhondo, amukweza ndege yobwerera. Amene ankaloledwa kukhala anali othawa nkhondo. Ndiye panali munthu wina amene ntchito yake inali kuphunzitsa anthu nkhani zokanena ku ofesi. Munthuyo anamuchenjeza kuti kumeneko amafunsa mafunso omwewo kambirimbiri, miyezi yosiyana, anthu osiyana, ndipo sakugwira pa zazikulu, amakugwira pa zazing'ono. Lero unene kuti nyumba inali ndi zitseko ziwiri, pakatha miyezi isanu unene chimodzi, basi wagwa. Choncho anamulangiza kuti asapeke nyumba, asapeke mayi, asapeke abale. Atenge enieni, amene sangawaiwale ngakhale atamudzutsa kutulo, asinthe dziko lokha ndi mathero. N'chifukwa chake anatipha ndi maina athu enieni. Akuti bodza la maina achilendo likanamugwetsa.

Kenaka anakwatira mzungu uja anasiyana naye, ndipo anamuuza nkhani yomweyo, poti mkaziyo ankapita naye ku maofesi. Mwana atabadwa anakula akuimva. Akuti chaka chilichonse ankati ndimuuza akakula, ndipo chaka chilichonse bodza linkakula kuposa mwana. Filimuyo anaikana zaka ziwiri, mpaka mwanayo anasiya kumulankhula, ndiye anagonja.

Ndinamufunsa za misozi ija. Anati, "Rhodah, misozi ija inali yoona. Zaka makumi awiri ndi zisanu sindinawaone Amayi. Ndikanena kuti anafa, pakamwa pamanama koma m'chifuwa simunama." Ndinamuuza kuti m'kabati ya makina a Amayi mudakali kapepala ka miyeso ya malaya ake, ndipo chaka chilichonse amafunsa ngati wanenepa kuti asinthe manambala. Munthu wakufa sachita zimenezo.

Anandichonderera kuti ndikhale chete. Akuti zikadziwika angamulande mapepala, pa msinkhu wake uno. Malamulo akumeneko sindiwadziwa, mwina akunena zoona. Akutinso filimuyo ndiyo yamutsegulira mwanayo zitseko, ndiyo yamufikitsa kuno, ndipo akadziwa kuti yaima pa bodza adzaona ngati moyo wake wonse ndi bodza, sadzamukhululukira. Apanso mwina akunena zoona. Ndinamumvera mpaka anamaliza. Kenaka ndinamufunsa ngati akudziwa kumene mwana wake akupita pa 28. Sankadziwa. Destiny anamuuza kuti akatha za ku Lusaka akaona mathithi ku Livingstone. Nayenso waphunzira kubisira amene amawakonda. Nditamuuza za basi ya ku Kopala ndi za kuwoloka malire, ndinamva kupuma kwake kukusintha.

Ndinamuuza mawu anga mosazungulira. Ku ofesi iliyonse sindipita, kwa anthu a nyuzipepala sindipita, ngakhale a Malama sindinawauze. Za mapepala ake ndi za filimu adzakambirana okha awiri, bambo ndi mwana. Koma mwana wa m'mimba mwathu sakwera basi imeneyo ine ndikudziwa. Akakaphedwa kumeneko, maliro ake adzakhala enieni, ndipo amene adzamete ndife. Anadula foni osatsanzika.

Lolemba kunali zii. Lachiwiri zii. Atate ake a Thandazani, amene ndinawauza zonse, anati ndidikire, mwamuna akachita manyazi amayenda pang'onopang'ono. Ine ndinkaphunzitsa ngati munthu wogona, mpaka ana anandiuza kuti ndalemba deti la chaka chatha pabolodi. Dzulo masana, ndili m'chipinda cha aphunzitsi, uthenga unalowa. Munalibe moni. Munali nambala ya foni ya Destiny, dzina la nyumba ya alendo imene akugona ku Woodlands, ndi mzera umodzi: "Ndamuuza kuti Lachinayi la sabata yamawa asachoke, kukubwera anthu. Zambiri pakamwa panga pakukanika. Uwauze Amayi kuti ndinalibe njira ina, kapena usawauze, poti njira inalipo."

Pempho langa ndi limodzi, akulu, ndipo ndi lolemera. Mubwere nawo Amayi kuno Lachitatu pa 23, pa basi ya m'mawa. Lachinayi ndi tsiku la ufulu, sukulu kulibe, tidzapita ku Woodlands tonse atatu.

Ndinayamba ndaganiza kuti muwauze kuti akubwera kudzapimitsa maso. Ndinalemba kale mzera umenewo, kenaka ndinang'amba pepala, nditazindikira kuti ndi mmene Petros anayambira, kabodza kamodzi kothandiza. Ayi. Muwakhazike pansi, muwapatse tiyi, muwauze zonse, pang'onopang'ono monga mumachitira inu. Muyambe ndi chokoma, chakuti mdzukulu wawo ali mu Zambia, ndi wamtali, ndi wanzeru, ndipo dzina lake lachiwiri ndi Esnart, ndinaliona lolembedwa kumapeto kwa filimu. Chowawa chibwere pambuyo. Akalira muwalole alire. Akakana kubwera musawakakamize, mundiimbire mungoti ulusi sunakwane, ine ndidzamva, ndipo ndidzapita ndekha. Koma Amayi ndimawadziwa. Adzatukwana Petros kamodzi ndi dzina lake la ubwana, kenaka adzafunsa kuti basi inyamuka nthawi yanji.

Mawondo awo ndawaganizira. A Brian akuti adzakuthandizani kupeza mipando yakutsogolo, ndipo ine ndidzakudikirani pa siteshoni ndi galimoto ya aneba.

Musaiwale kadiresi kachikasu kaja Amayi anasoka chithunzi cha khanda chitabwera, kamene sikanatumizidwe chifukwa Petros sankapereka adiresi. Kali m'sutikesi ya pansi pa bedi, ngati njenjete sizinakadye. Ndikudziwa kuti tsopano sikangalowe ngakhale mkono wake. Mubwere nako basi.

Ndakhala ndikudzifunsa kuti tidzayamba ndi mawu ati, ine amene ndimadya ndi kufotokoza. Mwanayo angathe kutiyesa akuba, angathe kukwiya, angathe kutitsekera chitseko, ndipo sindidzamuimba mlandu. Koma ndaona kuti mwina sipadzafunika mawu ambiri. Iye wamva za chala chija moyo wake wonse, wachiika m'filimu, anthu a maiko ambiri achilirira. Amayi adzangokhala pampando n'kutambasula dzanja lawo lamanzere.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa Wisdom ndi mkazi wake, kwa azakhali a ku Sinda mukawaona, ndi kwa amayi a Chigwirizano, koma nkhaniyi isatuluke pakhomo. Atate ake a Thandazani akupereka moni, Thandazani akuti agogo amubweretsere nsinjiro. Amayi muwagwire dzanja m'malo mwanga, lamanzerelo, ndipo muligwire nthawi yaitali.

Ndine mng'ono wanu, wamoyo ndi wathanzi,

Rhodah